Kodi ndisunge injini yakale ya masilinda 6 kapena ndiike V8?

Chevy51_Benoni:
Moni nonse akuluakulu. Ndagula bokosibode ya Chevrolet ya 1951 kuno ku Benoni, ku South Africa, ndipo ndikufuna kuimanga kuti ikhale hot rod, kutanthauza galimoto yakale yokonzedwanso kuti ikhale yamphamvu ndi yaliwiro, yofanana ndi zimene anyamata a ku California ankamanga m'zaka za m'ma 1950. Injini yake ndi 216 (nambalayi ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch), ya masilinda 6 ondondozana mzere umodzi, ndipo ikulirabe ngakhale kuti imatulutsa utsi. Anzanga akundiuza kuti ndiichotse, ndiikemo V8 (injini ya masilinda 8) ya 350, koma mtima wanga ukukana. Kodi injini zakalezi zingapirire ntchito yotere?

Makaniko_Wamkulu:
Achimwene, musathamangire V8, koma 216 musaidalirenso. Vuto lake lili pa kayendedwe ka oyilo. Ma bearing a ndodo za mapisitoni salandira oyilo wokankhidwa ndi pampu kudzera mkati mwa crankshaft; pansi pa ndodo iliyonse pali kasupuni kamene kamatapa oyilo injini ikamazungulira. Pa liwiro la galimoto zakale njira imeneyi inkakwanira, koma mukaithamangitsa nthawi yaitali pamsewu waukulu, ma bearing amatha msanga.

Funafunani 235 yopangidwa pakati pa 1954 ndi 1962, kapena 261 ya m'malole ngati mwayi ungakugwereni, chifukwa zonsezi oyilo wake amayenda ndi mphamvu ya pampu, ndipo maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi 216. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: kuyambira 1955 pampu ya madzi inatsitsidwa ndiponso ndi yaitali, choncho fani imayandikira radiyeta, ndipo pamafunika pampu yofupikitsidwa kapena chitsulo choikwezera pamalo akale. Mukatero, ikani makabuleta awiri pa manifold (chitsulo chogawira mafuta ndi mpweya ku masilinda) ya kampani ya Offenhauser ndi ekizozi ya kampani ya Fenton yogawa utsi m'mapaipi awiri. Kulira kwake, ndikunena zoona, palibe V8 imene ingafanane nako.

Mayi_wa_Galaja:
Bambo makaniko anena zomveka, koma ine ndikuona kuti aiwala kumene wofunsayo akukhala. Ku South Africa 235 yabwino ndi yosowa, pamene injini ya 250 ya malita 4.1, imene inali m'galimoto za Chevrolet 4100 za m'ma 1970, imapezekabe kwa ogulitsa zipangizo zakale. Crankshaft yake imakhala pa ma bearing 7, pamene ya 235 imakhala pa 4 okha, ndipo kumbuyo kwake kumalumikizana ndi magiyabokosi omwewo a V8 ya Chevrolet. Imafuna zokhazikira zatsopano ndipo siioneka yachikale kwenikweni, koma mudzagona tulo.

Stovebolt_Mzanga:
Ndikufuna kuyankha anzanu amene akuganiza kuti hot rod yeniyeni ndi ya V8 yokha. Chevrolet Corvette yoyamba ya 1953 inatuluka ndi 235 ya makabuleta atatu, ya mphamvu zokwana 150 horsepower. Hudson Hornet, ya injini ya 308 ya masilinda 6, inasautsa galimoto za V8 pa mipikisano ya galimoto ya ku America yotchedwa NASCAR kuyambira 1951 mpaka 1954. Wayne Horning, katswiri wa injini wa ku America, anapangira injini za Chevrolet za masilinda 6 mutu wa mabowo 12, ndipo anatero chifukwa anaona pamene injinizi zimafookera: mutu wa 235 uli ndi mabowo atatu okha olowetsa mafuta ndi mpweya, bowo limodzi kudyetsa masilinda awiri, motero injini imabanika ikamazungulira mwamsanga.

Choncho, achimwene, musaike ndalama zanu pofunafuna liwiro. Mphamvu ya injinizi ili pa kukoka ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo chimene chingasinthe galimoto yanu koposa ndi giyabokosi ya T5 ya magiya 5, yochokera mu Chevrolet S-10. Dziwani kuti ngati bokosibode yanu ndi ya theka la tani, shafti yake yopita kumbuyo ili mkati mwa chubu chotseka, choncho kusintha giyabokosi kudzafuna kuti musinthenso ekiselo yakumbuyo.

Chevy51_Benoni:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka pa nkhani ya ekiselo, imene sindinaiwerengere n'komwe. Mayi, mawu anu ndawamva, komabe ndiyamba ndafunafuna 235 kwa miyezi ingapo, ndipo ikakanika ndidzatenga 250. Bambo makaniko, kodi ndikaipeza injiniyo, ndiyang'ane manambala a mbali iti ya buloko kuti ndisagulitsidwe 216 ina?