Mayina a mafayilo a Chikoreya akumwazikana, ndi virus?

Wosindikiza wa ku Mbare: Abale, ndithandizeni. Kwabwera mayi wina ndi flash yokhala ndi makalata ochokera kwa mwana wawo amene akuphunzira ku Seoul. Mkati mwa makalatamo zonse zili bwino, koma mayina a mafayilo amwazikana: m'malo mwa 한 pakuoneka ㅎㅏㄴ. Ndi virus kodi? Mayiwo abweranso mawa.

Mlongo wa ku Highfield: Si virus ayi achimwene, ndikukhulupirira mwanayo ali ndi Mac, kompyuta ya Apple. Akoreya amalumikiza zilembo ziwiri kapena zitatu kukhala kabokosi kamodzi, ndipo Unicode, ndondomeko yopatsa zilembo manambala mu kompyuta, imalola njira ziwiri zosungira kabokosiko. Ina ndi kukasunga kathunthu ndi nambala imodzi, ina ndi kusunga chilembo chilichonse pachokha. Mac idazolowera kusunga mayina a mafayilo mopatula, pomwe Windows imayembekezera athunthu, ndiye nthawi zina imangowaonetsa omwazikana.

Athunthuwo alipo 11,172, chifukwa zilembo zoyambira ndi 19, mavawelo 21, zotsekera 27 kuphatikiza mwayi wosatseka, kukhala 28. Chulukitsani nokha muone. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti adawandandalika mwa masamu kuyambira pa 가, nambala 44032. Kuti mupeze 한, ㅎ ndi 18 mukawerenga kuyambira pa 0, ndiye 18 × 588 (588 ndi 21 × 28), ㅏ ndi 0, muwonjezere 4 wa ㄴ ndi 44032 uja, mupeza 54620. Kompyuta sifunika kuloweza chilichonse, imangowerengera.

Sindikizani basi, makalatawo ndi abwinobwino.

Gogo wa ku Mabvuku: Ana inu muli ndi mwayi. Ndondomeko yosungira zilembo mu kompyuta ya ku South Korea ya 1987 inali ndi timabokosi 2,350 tokha, moti mawu ena ankakanika kulembeka. Onse 11,172 adalowa mu Unicode 2.0 mu 1996. Mukadzaona zilembo zopanda mutu, osati zomwazikana chabe, imeneyo ndi fayilo yakale yosungidwa m'njira ya Chikoreya yotchedwa EUC-KR koma yotsegulidwa ngati UTF-8, njira ya Unicode. Matenda ena amenewo.

Wosindikiza wa ku Mbare: Zikomo achemwali, zikomo agogo. Nanga ndikasaka dzina la fayilo, lipezeka?

Mlongo wa ku Highfield: Mwina ayi, poti kwa kompyuta ndi manambala osiyana. Ngakhale ŵ wathu wa mu Malaŵi amatero: alipo wathunthu, aliponso w wovekedwa kachipewa padera. Ingosinthani mayinawo mulembe kalata1, kalata2.