Thumba limodzi lolipira zipatala zonse: tiyambire pati?

Wa ku Chibavi:
Akuluakulu, pagulu lathu kuno ku Mzuzu tikulemba ndondomeko ya zaumoyo ya dziko longopeka, la anthu 5 miliyoni, ambiri alimi. Tikufuna thumba limodzi la boma lizilipira zipatala zonse. Ndalama zichokere kuti, nanga zipatalazo tizizilipira bwanji?

Mayi a ku Katoto:
Achimwene, musadalire kudula pamalipiro. Alimi ndi mavenda salandira pamwezi, thumba lingaume msanga. Ghana inakhazikitsa thumba lotere mu 2003 ndi msonkho wa 2.5 peresenti woonjezera pa VAT. Koma lamulo linene kuti ndalamazo zizilowa m'thumba mwachindunji. Zikayamba kudutsira ku unduna wa zachuma zimachedwa, mankhwala amatha, odwala n'kuyamba kulipiritsidwa mwamseri.

Wa ku Luwinga:
Pa kalipiridwe ndi pamene pagona nkhani. Mukamalipira pa chilichonse chomwe chipatala chachita, majakisoni ndi kuyeza kosafunikira zimachuluka. Zipatala zazing'ono muzizipatsa ndalama molingana ndi anthu olembetsa pamenepo, monga Thailand kuyambira 2002. Choipa chake, zimathamangira kutumiza odwala ku chipatala chachikulu kuti ndalama zitsale, ndiye otumizidwawo muziwawerenga mwezi uliwonse. Zazikuluzo muziikire malire a ndalama pachaka, ngati ku Taiwan.

Bambo a ku Zolozolo:
Nanga zamishoni mwaziika pati? Lembani mgwirizano ngati wa boma ndi CHAM (bungwe la zipatala zamishoni ku Malawi), wotchula mtengo wa chithandizo chilichonse ndi tsiku lolipira. Mndandanda wa zolipiridwa uyambe waufupi: uchembere, katemera, malungo, TB. Dialysis (kutsuka magazi a odwala impso) iyambe yadikira.