Bondo lakana kupinda pambuyo pa opaleshoni ya ntchafu ndi msongolo

Wa mafizo, Nkhotakota: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mnyamata wa kabaza amene anathyoka fupa la ntchafu ndi la msongolo mwendo umodzi, kuvulala kumene timati floating knee. Ku Lilongwe anamuika zitsulo za SIGN, zimene amalowetsa m'kati mwa fupa kuti ligwirane, m'mafupa onse awiri. Patha masabata 6 koma bondo likungolekera pa madigiri 40. Ndilikankhe mwamphamvu? Akufunsanso zoyamba kupondera.

OCO (kiliniko ofesa wa mafupa), Salima: Achimwene, musakankhe kaye. Jambulani X-ray mbali ziwiri, bondo lionekenso. Ngati mafupa anathyokera pakati ndipo callus (fupa latsopano lomera pothyokapo) yayamba, apondere pang'onopang'ono ali ndi ndodo ziwiri. Koma ngati mng'alu unalowa m'bondo momwe, kupondera kudikire, nthawi zambiri mpaka masabata 12. Kalata yotulukira ikuti chiyani?

Wa mafizo: Yalemba kuti onse anathyokera pakati. X-ray ndatumiza ku inbox.

Namwino, Nkhotakota: Bambo, muyang'anenso bala la pamsongolo. Pamenepo fupa lili pansi pa khungu penipeni, ndiye matenda sachedwa kulowa. Pakatentha, kufiira kapena kutuluka mafinya, si nkhani ya mafizo ayi, abwerere kwa madokotala tsiku lomwelo. Mufunsenso mmene akukhalira kunyumba. Ambiri amangogona pamphasa mwendo uli chiwongokere, ena aika pilo kunsi kwa bondo, poopa kuti chitsulo chithyoka. Achibale ndiwo amawaletsa kusuntha, mwachikondi ndithu.

OCO: X-ray ija ndaiona. Callus ilipo, zomangira zili m'malo. Vuto ndi minofu ya ntchafu imene yamatirira. Akhale m'mphepete mwa bedi, mwendo ulendewere, wabwinowo uzitsitsa wodwalawo mpaka pamene ululu ukupiririka, kangapo patsiku. Panado amwe musanayambe. Muzisunthanso patella, kafupa ka patsogolo pa bondo, ndi zala zanu. Osaiwala kuyesa ACL ndi PCL, minyewa ya m'kati mwa bondo yogwirizitsa mafupa; pa ngozi zotere zimaduka kawirikawiri koma zimabisika chifukwa maso onse amakhala pa mafupa. Akafika miyezi 3 asanakwane madigiri 90, mutumizeni kwa amene anamuchita opaleshoni, mwina akapinde bondolo atamugonetsa.

Namwino: Madigiri 90 ndi okhalira pampando basi, kunjuta pachimbudzi chokumba kumafuna oposa pamenepo. Auzeni apeze kalipentala aboole mpando wamatabwa aziuika pamwamba pa dzenje. Fodyanso asiye, amachedwetsa fupa kulumikizana.

Wa mafizo: Zikomo kwambiri nonse. Bala ndi louma bwinobwino. Abwera Lachinayi ndi mayi ake, ndiwaphunzitsa onse awiri. Nanga za njinga ndimuyankhe bwanji?

OCO: Asakwere mpaka X-ray ionetse kuti onse awiri agwirana. Msongolo ndi umene umatsalira, muuyang'anitsitse.