Silabu yang'ambika chaka chisanathe, alipo anayezetsapo konkire pa maikulosikopu?

Abale pagulu pano, ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndikumanga kanyumba ku Senga Bay, kuno ku Salima. Silabu tinathira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Lero ming'alu ili paliponse ngati ukonde wa kangaude, ndipo ndikakanda pamwamba ndi kiyi wa njinga pamatuluka fumbi ngati gaga. Amisiri akuti simenti inali yogonera. Kumene ndinagula akuti simenti yawo ilibe mlandu, mwina anyamata anazembetsa matumba. Aliyense akudziyeretsa, ndalama zapita zanga.

Mphwanga amene akuphunzira zomangamanga ku MUBAS akuti mlandu wotere amaugamula ndi maikulosikopu. Amaboola silabu n'kuchotsa kachidutswa, amakamwetsa utomoni wamtundu wowala, n'kukapala mpaka katapyapyala kufika mamilimita 0.03, moti kuwala kumadutsa. Akayang'ana, ngati madzi anachuluka posakaniza, timabowo timaoneka mbwee. Ngati konkire inauma msanga, pamwamba pamatsala timibulu ta simenti tambiri tomwe sitinagwirane ndi madzi. Akuti ngakhale kuchepa kwa simenti poyerekeza ndi mchenga ndi kwale kumaonekera. Apa ndi pamene pandikoka mtima, chifukwa matumba ndinawerenga ndekha potsitsa.

Ndiye amayeza kuti zimenezi? Ndipite ku MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, kapena ku Geological Survey ku Zomba poti iwo amayeza miyala? Nanga mtengo wake sungapose wothira silabu ina?

Mmisiri wa ku Dwangwa:
Bambo, musanafike kutali, mchenga munatenga kuti? Wa m'mbali mwa nyanja nthawi zambiri ndi wosalala kwambiri, umamwa madzi ambiri, ndiye anyamata amangowonjezera zidebe kuti fosholo ipepuke. Nanga munathirira masiku angati? Pamafunika masiku osachepera 7, kutentha kwa Salima kumeneko muzivundikiranso ndi masaka onyowa.

Mayi wina wa ku Lilongwe:
Yambani ndi zotchipa achimwene. Kachidutswa komweko akakaphwanye pa makina oyezera mphamvu, konkire ikadutsa masiku 28 imayenera kukhala itafika pa mlingo wake. Maikulosikopu ibwere mphamvu ikapezeka yochepa, kuti mudziwe chinachititsa. Komanso lowetsani waya m'ming'alumo. Ngati ikutsika mpaka pansi, kaikirani dothi. Makande amafufuma nthawi ya dzinja n'kunyala m'chilimwe, ndipo pamenepo simenti ilibe chonena.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Ndisaname, mchenga tinaola kunyanja ndi ngolo, ndipo tinathirira masiku awiri okha chifukwa mjigo uli kutali. Waya ndayesa madzulo ano, sakulowa kwenikweni. Komabe za matumba zija mtima sukukhazikika. Kodi pa maikulosikopu angasiyanitse kuti apa anachepetsa simenti, apa ndi ine amene sindinathirire?