Kwaya ikuwerenga ziwiri, kiyibodi ikuwerenga zinayi, thandizeni

Mayi Nkhoma, woyimbitsa kwaya:
Anzanga oyimbitsa, mutu wanga waima. Festivo ili Loweruka likubwerali ndipo nyimbo yomwe atipatsa yabwera mu sol-fa (kalembedwe ka do, re, mi), fotokope ya fotokope, mizere yonse ikungooneka yofanana. Sindikusiyanitsa mzere wautali wa bar ndi waufupi uja wa pa biti yachitatu. Ine ndaitenga ngati 2/4, mabiti awiri pa bar iliyonse, dzanja pansi m'mwamba, kwaya ikuyenda bwinobwino. Vuto labwera titalowetsa kiyibodi. Mnyamata wathu amaika style (ng'oma ndi zida zoyimba zokha m'kiyibodi) ya 8 Beat, yowerenga zinayi, pa Yamaha PSR, tempo 96. Vesi 1 zilibwino. Tikangolowa vesi 2 zonse zatembenuka, akamenya fill (kugubuduza ng'oma), crash (chimbale chomwe chimalira fill ikatha) ikugwera pakati pa liwu, a bass akusokonezeka. Vesi 3 zabwereranso m'malo mwake zokha. Dzulo tabwereza kasanu ndi kawiri mpaka a soprano mawu kusasa. Cholakwa ndi chiyani?

A Phiri a brass:
Amayi, palibe cholakwa ndi nyimboyo. 2/4 iwiri ndi 4/4 imodzi, basi. Mnyamatayo akuchedwa kudina fill.

Che Saidi, wa kiyibodi:
Musamudzudzule mwanayo msanga. Amayi, werengani mabiti a vesi yonse. Zoti vesi 3 imabwerera yokha zikundiuza kuti mabar anu a 2/4 sakugawika pawiri. Mwachitsanzo mizere itatu ya vesi ya mabiti 16 uliwonse, womaliza 14, onse pamodzi 62. Mu 4/4 amenewo ndi mabar 15 ndi theka. Makina sadziwa theka, amangopitirira, ndiye vesi 2 imayambira pa 3 wa style.

Mayi Nkhoma:
Ndawerenga. 62 ndendende. Mzere womaliza ndi waufupi.

A Phiri a brass:
Ngakhale zili choncho, kick (ng'oma yaikulu) ili pa 1 ndi pa 3, snare (ng'oma yaing'ono) pa 2 ndi pa 4. Mukayambira pa 3 mwapezanso kick. N'chimodzimodzi.

Abambo Mwale, mphunzitsi wa nyimbo:
Achimwene a Phiri, si chimodzimodzi ayi. Mu 2/4 muli biti yamphamvu, yofooka. Mu 4/4 muli yamphamvu, yofooka, yapakati, yofooka. N'chifukwa chake sol-fa ya John Curwen ili ndi zizindikiro zitatu: mzere wautali pa yamphamvu, madontho awiri pa yofooka, ndi kamzere kakafupi pa yapakati. Amishoni a ku Scotland amene anatiphunzitsa sol-fa ku Livingstonia ndi ku Blantyre sankalemba kamzereko pofuna kukongoletsa pepala. Ndipo m'Chichewa nkhaniyi imamveka kwambiri chifukwa ife timatsindika silabo yachiwiri kuchokera kumapeto: Mu-LU-ngu, chi-KO-ndi. Mukaimenya ziwiriziwiri nyimbo yomwe inalembedwa zinayi, masilabo ofooka amadzuka, kwaya imamveka ngati ikuguba. Amayi, onani pamene pakugwera masilabo otsindikawo musanasankhe.

Mayi Chirwa:
Izi zinandionekerapo pa msonkhano wa makwaya a chigawo chathu. Tinali makwaya anayi kuyimba nyimbo imodzi, ana oposa zana. Woyimbitsa wina anaphunzitsa ake pansi m'mwamba, ine anga pansi, mkati, kunja, m'mwamba. Tsikulo nditakweza dzanja kupita kunja pa 3, a alto a kwaya ina anaganiza kuti ndikuwadula, anangoti zii pakati pa mzere. Ndinatuluka thukuta mpaka pepala kunyowa m'manja. Ndiye chonde musasinthe kamenyedwe ka dzanja kutatsala masiku anayi. Ana anazolowera kale dzanja lanu.

Che Saidi:
Ine njira ndikuona zitatu. Asinthe style apite ku March kapena Polka ya 2/4, koma nyimbo ya kulapa imveka ngati ya perete. Kapena pothera vesi adine stop, aike Sync Start (style imayamba yokha akangogwira chord), vesi 2 iyambire pa 1 watsopano. Kapena azimitse style aziyimba piano ndi strings basi. Ya Sync Start ija imafuna dzanja lozolowera, akaphonya kamodzi pa siteji palibe pothawira.

Abambo Mwale:
Ena adzakuuzani kuti talikitsani noti yomaliza ndi mabiti awiri kuti akwane 64. Pa Sabata kutchalitchi palibe angakufunseni. Pa festivo oweruza amakhala ndi pepala m'manja, akuwerenga nanu. Musayerekeze. Ngati mukuilemba mu MuseScore, pulogalamu yolembera nyimbo pakompyuta, ikani 4/4 ndi bar imodzi ya 2/4 kumapeto, koma funsani kaye komiti ngati ali ndi kope yoyera.

A Phiri a brass:
Ife ku band timaguba nyimbo za 4/4 tsiku ndi tsiku, phazi lamanzere pa 1 ndi pa 3, palibe anagwapo. Zina zalembedwa C wodulidwa pakati, 2/2, timazimenya ziwiri. Ndikunenabe kuti ndi nkhani ya papepala chabe.

Mayi Chirwa:
Poguba inde, chifukwa munthu ali ndi miyendo iwiri. Malipenga ndi mganda nazonso zimayenda choncho popeza zinachokera ku perete wa asilikali. Koma kwaya siguba, imapuma. Mukamenya zinayi mpweya umafika kumapeto kwa mzere, mukamenya ziwiri ana amapumira paliponse.

Achimwene Zulu:
Pepani kulowerera. Ndiye 6/8 tiiwerenge ziwiri kapena zisanu ndi chimodzi? Kwathu timakangana chaka chilichonse pa Khrisimasi.

Abambo Mwale:
Ikakhala yothamanga ndi ziwiri, biti iliyonse yogawika patatu. 12/8 ndi zinayi mwa njira yomweyo. Ikakhala yodekha kwambiri mukhoza kumenya zonse zisanu ndi chimodzi, koma 1 ndi 4 zimveke.

A Phiri a brass:
Mwaona? 6/8 iwiri ndi 12/8 imodzi. Zomwe ndakhala ndikunena zija.

Che Saidi:
Amayi Nkhoma, PSR yanuyo ndi nambala chani? Zina zing'onozing'ono zilibe Sync Stop (yoimitsa style akangosiya chord), ndiye adine yekha batani la stop.