Madzi a injini ya Land Cruiser yakale sakutuluka onse

Bambo Chirwa: Moni amisiri anzanga. Ndalandira Land Cruiser 80 ya injini ya dizilo ya 1HZ, ya malita 4.2, imene mwini wake akufuna kuti ndichotsemo madzi akale ndi kuthiramo kulanti yatsopano, madzi aja a mankhwala oziziritsa injini. Injini itazizira ndatsegula kampopi kapansi pa rediyeta, koma madzi amene atuluka ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene buku la galimotoyi likunena, ndipo ndi ofiirira ndi dzimbiri. Ndamasulanso kampopi ka pabuloko, thunthu la injini lija mmene muli masilinda, koma sipakutuluka ngakhale dontho limodzi. Kodi pamenepa ndipitirire bwanji?

Bambo Gondwe: Bambo Chirwa, zimene mwaonazo sizachilendo pa injini imeneyi, imene inayamba kupangidwa mu 1990 ndipo buloko yake ndi hedi yomwe, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, ndi zachitsulo chimene chimachita dzimbiri msanga chikamayendera madzi wamba. Kampopi ka rediyeta kamangotulutsa madzi amene ali pamwamba pake; otsalawo amakhala atazungulira masilinda onse 6, ena ali mu hita, ndipo ngati galimotoyo ili ndi hita yachiwiri ya kumbuyo, mapaipi ake aataliwo amasunganso madzi ambiri. Kampopi ka pabuloko kali pamunsi pamene dzimbiri lonse limadikha, choncho kabowo kake kamatsekeka ndi matope olimba. Musakhutire ndi kumasula kabawuti kokha ayi. Pathireni mafuta ofewetsa dzimbiri, mumasule kampopi konseko ndi soketi ya makona 6 kuti mutu wake usafafanizike, kenaka mulowetse waya wolimba pabowopo n'kumatokosa mpaka madzi ataboola. Nkhope yanu isayang'anizane ndi bowolo chifukwa akaboola amatuluka mwamphamvu.

Mayi Nkhoma: Ndiwonjezereko ziwiri pa zimene anena Bambo Gondwe. Chotsani chitsekerero cha rediyeta kuti mpweya uzilowa, ndipo hita muiike potentha penipeni kuti valavu yake itseguke, kupanda kutero madzi a m'menemo sadzasuntha. Komanso kampopi ka rediyeta ndi kapulasitiki, ndipo kakakalamba kamathyoka mosavuta, n'chifukwa chake ine pa galimoto za msinkhu umenewu ndimakonda kuzula hosi yapansi, imenenso imatulutsa zinyalala zikuluzikulu zimene sizingadutse pakampopi. Ngati pansipo pali chitsulo choteteza injini ku miyala, yambani mwachichotsa kuti madzi agwere mubeseni. Kulanti imakhala ndi ethylene glycol, amene ndi wotsekemera koma amawononga impso, ndiye asatayikire pamene agalu kapena ana angafikepo.

Bambo Chirwa: Zikomo akuluakulu. Waya wagwira ntchito: poyamba panatuluka matope akuda, kenaka madzi ochuluka ndithu. Ndathiramo madzi oyera, ndaliza injini n'kuwakhetsanso, koma akutulukabe ofiirira. Kodi ndigwiritse ntchito mankhwala otsukira rediyeta?

Bambo Mbewe: Ine ndinganene kuti inde, thiranimo mankhwalawo motsatira malangizo a pabotolo, chifukwa dzimbiri lomatirira silichoka ndi madzi okha.

Bambo Gondwe: Apo ndisiyana nanu pang'ono, Bambo Mbewe, ngakhale kuti mankhwalawo amatsukadi. M'mbali mwa buloko muli zitsekerero zopyapyala zachitsulo zija timati makoo pulagi, ndipo pa injini imene yakhala nthawi yaitali ikuyendera madzi wamba, zina mwa izo zimakhala zitadyeka kale kotero kuti chimene chikuziletsa kudontha ndi dzimbiri lomwelo. Chimodzimodzinso hita, imene kuti muisinthe mumayenera kuphwasula dashibodi. Mankhwala aukali akachotsa dzimbirilo galimoto imayamba kudontha ili m'manja mwanu, ndipo mwini wake sangavomere msanga kuti vutolo linalipo kale. Yambani ndi madzi. Chotsani thermostat, valavu ija imene imatsegulira madzi njira injini ikatentha, mubwezeretse chivundikiro chake, mulowetse madzi a paipi pa hosi yapamwamba kulowera ku injini, hosi yapansi ndi bowo la pabuloko zili zotsegula, ndipo muwasiye ayende mpaka atuluke oyera. Hita muitsuke payokha pozula mahosi ake awiri n'kulowetsa madzi mobwerera, kuchokera kumene amatulukira, koma mopanda mphamvu yambiri. Zonsezi zichitike injini ili yozizira, popeza madzi ozizira pa chitsulo chotentha angathe kung'ambitsa hedi.

Bambo Mbewe: Za makoo pulagi ndavomereza. Komabe ngati madziwo sayera, mankhwala akhoza kugwiritsidwa ntchito mwini galimoto atauzidwiratu za chiopsezocho, ndipo thermostat ndi gasiketi yake ikanipo zatsopano poti zatuluka kale.

Mayi Nkhoma: Pamene ambiri amalakwitsa ndi pothira. Mukamaliza kutsukuluza, madzi wamba ena amatsalirabe mu hita ndi m'ngodya za buloko ngakhale mutakhetsa chotani, ndiye mukathira kulanti yosakaniza kale imasungunuka ndi otsalawo ndipo muyezo wa theka kulanti ndi theka madzi sukwaniranso. Gulani kulanti yosasungunula, muone m'buku malita onse amene injiniyo imalowa, muyambe mwathira theka la malitawo, kenaka mudzazitse ndi madzi opanda mchere, monga aja othira mubatire. Kutsukuluza komaliza kukhalenso kwa madzi omwewo, chifukwa madzi a mchere amasiya laimu m'timapaipi ta rediyeta. Muyezo wa theka ndi theka suundana mpaka pafupifupi madigiri 37 pansi pa ziro, koma ngakhale kumene sikuzizira choncho ndi wofunikabe chifukwa cha mankhwala oletsa dzimbiri amene alimo. Posankha kulanti werengani zolembedwa pabotolo, musadalire mtundu wa madziwo, popeza makampani osiyana amapaka mtundu wofanana pa mankhwala osiyana.

Bambo Gondwe: Pothirapo muimike galimoto kutsogolo kutakwera pang'ono, muzithira pang'onopang'ono uku mukufinya hosi yapamwamba kuti mpweya utuluke. Lizani injini chitsekerero chili chochotsa, hita zonse ziwiri zili potentha, mpaka thermostat itatseguka, zimene mudzazindikire madzi akatsika mwadzidzidzi mu rediyeta n'kuyamba kuyenda. Hita ikamatulutsabe mphepo yozizira ndiye kuti mpweya udakali m'kati. Thovu limene silikutha ngakhale patapita nthawi ndi nkhani ina, imeneyo ndi yoyeza gasiketi ya hedi. Chitsekerero cha rediyeta chikhalenso cha mphamvu yolembedwa m'buku, chifukwa mphira wake ukatha madzi amawira msanga.

Bambo Chirwa: Ndatsatira njira ya madzi okha ndipo atuluka oyera, hita ya kumbuyo ndi imene inali ndi matope ambiri. Ndaika thermostat yatsopano, ndayamba ndi kulanti yosasungunula monga ananenera Mayi Nkhoma, ndipo hita zonse zikutentha, thovu linasiya. Nditaipopa ndi choyezera mphamvu, koo pulagi imodzi ya kumbuyo yaonetsa chinyezi, choncho ndamuuza mwini wake ndipo wavomera kuti tiisinthe. Kulanti yatsopanoyi ndiikhetsera m'chigubu choyera kuti ibwereremo ntchitoyo ikatha.