Kachilombo ka hepatitis B sikakulowa m'maselo a HepG2, ndikulakwitsa pati?

Wophunzira_Thyolo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndathira madzi a m'magazi okhala ndi HBsAg (puloteni ya pakhungu la kachilombo ka hepatitis B) pa maselo a chiwindi oweta mu labu otchedwa HepG2 (medium, kapena kuti madzi odyetsera maselo, ndi DMEM yosakaniza ndi FBS 10%, madzi a m'magazi a mwana wa ng'ombe; madigiri 37, CO2 5%). Patha masiku 7, palibe chizindikiro choti kachilombo kalowa. Vuto ndi maselo kapena magazi?

WaLabu_Luchenza:
Achimwene, vuto loyamba ndi maselowo. HepG2 wamba alibe khomo lomwe kachilomboka kamalowera, puloteni yotchedwa NTCP. Gulu la Wenhui Li ku Beijing ndi lomwe linazindikira khomoli mu 2012. Pezani HepG2-NTCP (HepG2 yoikidwa khomoli) kapena maselo ena a chiwindi otchedwa HepaRG. Ndipo magazi a wodwala amavuta, chifukwa tambiri mwa tizidutswa ta HBsAg timakhala topanda DNA m'kati, ndipo tizidutswa totere sitingapatsire selo matenda. Ofufuza ambiri amatenga kachilombo kuchokera ku maselo a HepAD38, omwe amayamba kukatulutsa mukachotsa mankhwala a tetracycline mu medium yawo.

Mayi_wa_Chitakale:
Ndiwonjezerepo. Pothira kachilombo ikani PEG 8000 (mankhwala othandiza kachilombo kumamatira pa selo) ya 4%, mawa lake tsukani maselo katatu ndi PBS (madzi a mchere otsukira maselo), kenako muwasunge mu medium yokhala ndi mankhwala a DMSO 2%. Mukapanda kutsuka bwino, HBsAg yomwe mudzaione ndi yomwe munathira nokha, mudzasangalala pachabe. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira HBeAg (puloteni yomwe maselo amatulutsa kachilombo kakalowa) kuyambira tsiku la 5 kupita m'tsogolo, kapena cccDNA (DNA ya kachilombo yokhazikika m'kati mwa selo) pa PCR, njira yopezera DNA. Musayembekezere kuona maselo akufa pa maikulosikopu, hepatitis B saononga selo mooneka choncho.

Chinanso, magazi anatengedwera mu chubu chanji? Cha chivundikiro chobiriwira chili ndi heparin (mankhwala oletsa magazi kuundana), yomwe imatsekereza kachilombo kumamatira pa selo komanso imasokoneza PCR. Gwiritsani ntchito seramu, madzi otsala magazi akaundana.

Mlonda_wa_Incubator:
Magetsi akathima usiku popanda jenereta, kutentha kumatsika ndipo maselo amafooka. CO2 ikatha mu silinda medium imasanduka yofiirira mopita ku pepo. Yezaninso mycoplasma (bakiteriya yolowerera m'maselo oweta) mwezi uliwonse, sioneka ndi maso koma imaononga zotsatira.

Koma chondidetsa nkhawa ndi inuyo. Munabayitsa katemera wa hepatitis B katatu konse, ndipo anti-HBs yanu (chitetezo cha m'magazi cholimbana ndi kachilomboka) yafika 10 mIU/mL? Katemerayu analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2002, choncho obadwa kale ambiri sanalandire. Kachilomboka kamakhala ndi moyo pa tebulo louma kwa sabata. Ntchito yonse ichitikire mu biosafety cabinet (kabati yotetezera wogwira ntchito ku tizilombo), zotayika muzithire chlorine wa 0.5%, ndipo magazi a anthu musawagwiritse ntchito musanalandire chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku monga NHSRC.

Wophunzira_Thyolo:
Zikomo kwambiri nonse. Machubu ake analidi obiriwira. Ndiyamba ndi kukayezetsa anti-HBs, kenako ndifunse za HepG2-NTCP.